Mphuno ya Apongozi

Lolemba

Mapepala, inki ndi labala ndatsekera m'katoni. Kuyambira lero ndikujambula pa tabuleti imene anditumizira a bungwe la alimi limene ndimalijambulira zithunzi. Ati zapapepala zimachedwa, zimafika m'tauni zitakwinyika m'minibasi, tsono ndizijambula pagalasi n'kutumiza pafoni.

Ntchito yake ndi masamba anayi a nthabwala, ophunzitsa alimi kuti asamathire madzi mtedza popita nawo kumsika, poti umachita chuku. Afike pofika Lachisanu.

Amake Tadala anyamuka m'mawa kupita ku Kabudula kukadikirira mng'ono wawo amene ali pafupi kuchira. Abwera Loweruka. Andisiyira Tadala wa zaka zisanu ndi Mphatso amene wangophunzira kuthamanga. Potsanzika andiyang'ana ngati munthu amene akumangirira mbuzi pafupi ndi dimba.

Dongosolo langa:
tsamba limodzi pa tsiku;
ana azidya nthawi yake;
Lamulungu ndipemphe apongozi aamuna kanyumba kawo kosankhiramo fodya. Fodya anasiya, kanyumbako kangokhala, ndipo kali ndi chitseko. Zaka zonsezi pachikamwini pano ndimajambulira pabondo, ana ali pamsana. Ndikufuna chitseko.

Lachiwiri

Galasi ndi loterera. Dzanja limene landidyetsa zaka zonsezi likungotsetsereka. Mlimi woipa wa m'nthabwala yangayo akuoneka ngati mbatata yovala malaya. Mphatso watafuna nsonga ya kapensulo kake ka tabuleti, ndiye mzere uliwonse ukutuluka ndi mano.

Vuto langa ndimalidziwa. Nkhope ya m'mutu sinditha kuijambula. Ndimayamba ndi munthu weniweni, ndi pensulo, kenako ndimasintha apa ndi apo ndi inki n'kufufuta pensuloyo, mwiniwake osadzizindikira. Ndiye ndasuzumira pazenera, ndipo apongozi aamuna ali pansi pa mtengo wa mango, akusenda mtedza. Mphuno yawo yotakata ija, chipewa chopindika kumanzere, mpata wa m'mano. Dzanja langoyenda lokha. Ndawapatsa ndowa m'manja, akukhuthulira madzi m'thumba, diso limodzi likuyang'ana kumsewu.

Ndaseka ndekha, kenako manyazi andigwira. Munthuyu ndi mkulu wa mpingo, ndipo ndi amene amadzudzula onyowetsa mtedza m'mudzi muno.

Ubwino wake tabuleti imajambula m'magawo osanjikizana ngati mapepala oonekera. Ukadina kadiso ka pambali, gawo limabisika. Apongozi ndawabisa, pamwamba pawo ndajambula nkhope ina yosadziwika. Yazizira, koma ndi yaulemu.

Lachitatu

Mitambo ya Juni, sola sakukoka. Tabuleti yazima kawiri.

Phala ndathira mchere kawiri. Ana alira mpaka apongozi aakazi atumiza mbale ya futali popanda mawu aliwonse. Mbale yopanda mawu imapweteka kuposa kukalipiridwa.

Tadala wakhala pambali panga tsiku lonse, akupumira pakhosi panga. Zimene ine ndikuvutika nazo iye wangoona kamodzi n'kuzidziwa. Madzulo wandifunsa kuti agogo ndawaika kuti, poti dzulo anawaona mugalasimo. Ndamuuza kuti akupuma, ndipo asauze munthu. Taonani bambo wophunzitsa mwana chinsinsi chotere.

Ndikanafufuta gawolo. Chala ndinafikitsa pomwepo, koma chandikanika. Chiyambire sindinajambulepo mphuno yokhoza chonchi. Ndiye tsamba lililonse ndikuyamba ndi apongozi, n'kuwabisa pambuyo pake.

Lachinayi

Mphatso wagwera m'matope a kuseri kwa bafa, thupi lonse. Kuti ndimusambitse mwamtendere ndapatsa Tadala tabuleti, ndati angoonera zithunzi. Wakhala chete nthawi yonseyo, ine n'kumayamika Mulungu kuti ndinabereka mwana wofatsa.

Tsamba lachinayi ndinali nditalimaliza kale Mphatso asanagwe m'matopemo. Mphatso kumsana ndi chitenje cha amake, ndakwera pachulu pamene pamagwira netiweki, ndatumiza onse anayi. Kuonanso? Ayi, moto wa tabuleti unali pafupi kutha.

Ndatsika pachulupo ngati munthu wochokera kunja. Ndatumiza kutatsala tsiku lathunthu! Mawu opemphera kanyumba ndayamba kale kuwayeseza.

Lachisanu

M'mawa foni yalira, ndi mayi wina wa ku bungwe kuja, akuseka mpaka kutsamwa. Ati mlimi wa ndowayo ndi wamoyo, ngati munthu woti ukhoza kukumana naye pamsika. Ati sanadikire n'kusindikiza komwe, atumiza kale m'magulu a pafoni a makalabu a alimi, kuyambira Nsaru mpaka Nambuma.

Ndatsegula masamba amene ndinatumiza. Apongozi pa tsamba loyamba, apongozi pa lachiwiri, mpaka lachinayi pamene akuthamangitsidwa ndi ogula, chipewa chili m'manja. Nkhope yaulemu ija kulibe.

Ndaitana Tadala. Wayankha mosaopa n'komwe: "Agogo anali mumdima, ndawatsegulira. Winayo sindikumudziwa, ndamutsekera."

Ndimukalipire chiyani? Iye wangodina kadiso. Ndowa ndinawapatsa ndine.

Ndaimbanso ku bungwe kupempha kuti abweze. Ati madzi akatayika saoleka, komanso nthabwalayo anthu aikonda kwambiri. Tsiku lonse sindinatuluke. Madzi akumwa atha, ndatuma mwana wa a neba kumjigo.

Loweruka

Mbandakucha ndamva njinga ya apongozi ikutuluka, matumba awiri a mtedza pakaliyala, ulendo wa ku Nsaru. Ndinafuna kuthamanga kukawaimitsa. Ndafika pachitseko, ndabwerera. Mkamwini amayamba bwanji nkhani yotere?

Masana abwerako akukankha njinga, matumba onse awiri ali pomwepo. Amene anali kumsikako akuti wogula woyamba anawayang'ana, n'kuyang'ana pafoni, n'kufunsa anzake ngati si bambo a ndowa aja. Wachiwiri analuma mtedza umodzi, wouma gwa, komabe anati sakufuna milandu. Anyamata a kabaza anawaperekeza ndi mluzu mpaka pamlatho.

Amake Tadala afika madzulo. Mng'ono wawo wachira bwino, mwana wamkazi. Zithunzizo anazionera m'minibasi, pafoni ya kondakitala, anthu akupatsirana. Sanakalipe. Aona ana m'maso, awagwira pamimba, kenako ati: "Ana ndawapeza amoyo, zikomo. Bambo anga ndi amene munalephera kuwasamala."



Lamulungu

Ku tchalitchi ndakhala pabenchi lakumbuyo, pafupi ndi khomo. Owerenga mawu lero ndi apongozi. Atangoimirira, kumbali ya achinyamata kwamveka kuseka kotsekera m'manja. Aima pang'ono, akonza magalasi, apitiriza mpaka vesi lomaliza, mawu osanjenjemera. Ine mutu uli pakati pa mawondo.

Titaweruka amake Tadala anditsogolera kwa apongozi. Ndanjuta patali ndi mpando wawo, ndaomba m'manja, ndapepesa. Za Tadala sindinatchule. Ndati ndilemba kalata ku makalabu onse, ndipita nawo ndekha kumsika kukafotokoza. Angogwedeza mutu, maso ali pa matumba awo amene atsamira khoma. Za kanyumba sindinayerekeze n'komwe.

Koma mwana wawo anali atawanong'oneza kalekale zimene ndimafuna. Apisa m'thumba la jekete, atulutsa kiyi womangirira kachingwe, apatsa amake Tadala kuti andipatse.

"Kanyumba kaja tengani, bambo a Tadala," atero mofatsa. "Kali ndi chitseko. Muzitseka mukamagwira ntchito yanuyo, adzukulu anga asamaone."

Ndasesamo madzulo ano. Ndi kabwino, kouma, kopanda phokoso. Ndakhalamo mpaka mdima, chitseko chotseka, sindinajambule kanthu.