Mmene Ndinatupitsira Apongozi Anga

Mpaka lero ndikangomva apongozi anga akutsokomola pamasitepe, ndimafunafuna pobisala. Chinandipalamulitsa si mowa kapena pakamwa ayi, koma kalenzi ka kamera, kakang'ono ngati chivindikiro cha botolo la jamu.

Apongoziwo, mayi ake a mkazi wanga, amakhala m'mafulati a ku Mbare, mu mzinda uno wa dziko la eni. Mlongo wawo ali kumudzi ku Ntcheu, ndipo anali asanaonane kuyambira ana ali aang'ono. Mkuluyo anamva mphekesera zoti mayi akudwaladwala, choncho mayi anafuna chithunzi chomutsimikizira kuti ali gwa, ana ndi zidzukulu zitawazungulira. Ine, mkamwini wa miyezi inayi, ndinati ndijambula. (Palibe anandipempha. Ndinkangofuna kuti andione kuti ndili ndi ntchito pabanjapo.)

Vuto linali chipinda. Ukangolowa pakhomo, bondo lagunda kale tebulo. Lenzi imene inabwera ndi kamera yanga, ya masiku ano yopanda kalilole mkati, inkangotenga anthu atatu ndi theka la kabati. Panafunika ina yoona chipinda chonse. Sabata yathunthu ndinkawerenga za malenzi pafoni, m'kombi, minibasi ya kuno, popita kuntchito ku Msasa, mpaka tsiku lina ndinapitirira potsikira. Ya 24 kapena ya 16? Nambala ikachepa, lenzi imatenga malo aakulu. Ndinkaopa kuti wina akatsala kunja kwa chithunzi adzati mkamwini ngwatsankho, ndiye ndinatola ya 16.

Wogulitsa m'tauni anandichenjeza ndithu. "Mukoma, m'bale wanga, iyi sikoka munthu. Mukamufuna pafupi, mumuyandikira ndi miyendo yanu. Komanso munthu musamuike m'mphepete."

Ndinangogwedeza mutu. Maso anga anali pa kuchepa kwake, poti inkalowa m'thumba la malaya.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi tinadzazana m'chipinda muja. Mayi anakhala pampando wawo wa pakona, m'mphepete penipeni. Mawu a wogulitsa aja anandibwerera. Koma mkamwini angauze apongozi ake kuti sunthani? Ife sitiyang'anana ngakhale m'maso; tikakumana panjira ndimapatuka. Ndinanong'oneza mkazi wanga, iye anati, "Pamenepo sachokapo. Ingojambulani."

Ndinajambula. Nditasuzumira, aliyense anali bwinobwino, koma mayi anali atatambasukira m'mbali ngati belo la kaunjika.

"Tsopano ndekha," anatero mayi akukonza duku. "Nkhope ioneke bwino, achimwene aone kuti ndikudya."

Ndinayesa kupotoza lenzi kuti iwakoke. Palibe chinasintha. Kuchokera pamene ndinaima, mayi ankaoneka kadontho pakati pa kabati ndi firiji. Ndinagwada mwaulemu n'kuyamba kuyenda ndi maondo. Pang'ono. Akadali kutali. Pang'ononso. Lenzi imeneyi imaonetsa chilichonse ngati chili kutsidya, ndiye diso lili mu kamera sindinadziwe pamene ndafika mpaka chigongono changa chinakhudza chitenje chawo.

"Maiwe!" anakuwa azakhali a mkazi wanga. "Akamwini, mukufuna kuwerenga mano a apongozi anu?"

Chala chinadina chokha batani la kamera. Ndinabwerera chambuyo, ndikadali chogwada, n'kugwetsa mbale ya mabisiketi.

Chithunzicho sindidzachiiwala. Mphuno ngati mbatata, masaya otukumuka, makutu athawira kunkhongo. Ndinafulumira kuchifufuta, n'kupuma. Ndinali nditaiwala kuti m'mawa, pofuna kudzionetsera, ndinalumikiza kamera ku foni ya mlamu wanga, mng'ono wa mkazi wanga, kuti chilichonse chizifika komweko nthawi yomweyo. Mayi anali atamulamula kale kuti atumize msanga. (Iye amati sanachiyang'ane. Ine ndinamuona akuseka kukhitchini.)

Foni inalira tiyi asanazizire. Anali a ku Ntcheu, mawu akumveka chipinda chonse.

"Achemwali! Mwatupa chonchi osandiuza?"

"Ndili bwino, achimwene."

"Musandinamize, ndaona ndi maso angawa."

Ndinasendera pafupi ndi foni. "Bambo, pepani, ndi lenzi ya 16, munthu akayandikira..."

"Amenewo ndi adokotala?"

"Ayi, ndi mkamwini."

"Auzeni akhale chete."

Tinatumiza china chojambula ndi foni. Anati chimenecho n'chakale. Masiku anayi sindinadye bwino, poganiza kuti nkhalamba ikuwoloka malire awiri chifukwa cha ine, ndipo ikadwala panjira mlandu ndi wanga.

Lachisanu anatsika basi pa Mbare Musika, mapazi awo enieniwo atatupa ndi ulendo, atanyamula thumba la mankhwala azitsamba. Wokawalandira ndinali ine ndemwe. Atalowa m'nyumba anayang'ana mlongo wawo, mphuno yabwinobwino, masaya abwinobwino. Anagwirana manja osasiyana, onse awiri misozi ili chuchuchu. Ine pakhomo paja ndinayamba kudzimva, kuti mwina mkamwini wachita zakupsa.

Mayi anapukuta misozi n'kutembenukira kwa mkazi wanga.

"Uwauze amuna akowa. Akafuna kundijambulanso, aziima panja pa fulati."

Ndinamva ndithu. Tsopano ndikufufuza lenzi yojambula munthu uli kutsidya kwa msewu.