Mizu Yowala Kunsi kwa Bedi

Lolemba
Ndatsika ku Michiru ndi thumba la mizu ya paini wodwala. Mtengowo ukuuma chiimire, masamba ofiira, ukasenda khungwa mkati muli nkhungu yoyera ngati pepala lonyowa. Mizuyi ndiisunga m'mabotolo sabata imodzi, ndilembe lipoti, Lolemba linalo ndikapereke kwa a Mhango, abwana a ku ofesi ya zankhalango komwe ndikuphunzira ntchito. Ophunzira tilipo anayi, adzalemba ntchito mmodzi.
Labu yanga: mabotolo asanu a mayonezi, thonje, beseni, kunsi kwa bedi.

Lachiwiri
Chipinda chonse fungo la bowa. Mayi Nachisale, eni nyumba, aima pakhomo akununkhiza. "Mwaphika chiyani kodi?" Ndikuti ndi za kuntchito. Akuchedwa kuchoka.

Lachitatu
Masana enieni, makatani otseka, ndikuwerama kufuna nsapato. Kunsi kwa bedi kukuwala. Kuwala kobiriwira, kopanda moto, kopanda kutentha. Ndinawerengapo kuti bowa wodya mizu ameneyu amatero ndithu. Ndikudziwa. Komabe ndakhala pakhonde ola lathunthu ndi nsapato imodzi.
Ndajambula pa foni. Chithunzi chakuda bii.

Lachinayi
Ndawaitana mayi aja kuti aone, ndimati mantha awathere. Agwada, asuzumira, adzuka pang'onopang'ono. "Inu mumapemphera kuti?"
Kumpopi palibe wondiyankha moni. Chidebe changa akuchilambalala.

Lachisanu
Mtengo wa mapeyala pabwalo ukuyoyola masamba. Unayamba mwezi watha, koma lero ndiye aliyense waona. Ndikufotokoza za chinyezi, za madzi ochapira omwe timathira patsinde tonsefe. Akumvetsera mwaulemu, ataima patali.
Botolo lachitatu ndalipeza lotsekula. Chivindikiro chili pa pilo. Kiyi ya chipinda ndinali nayo ine.

Loweruka
Pobwera kumsika ndikumva nyimbo ndisanakhote pa njira yathu. Amayi a mapemphero asanu ndi awiri azungulira moto. Pamotopo pali mizu yanga, thonje, ndi kope la zonse ndalemba chiyambire Lolemba. Mabotolo aphwanyira m'dzenje. Beseni alisiya, akuti lilibe mlandu.
Ndathamangira kuphiri kukakumba mizu ina. Paini uja kulibe. Pali chitsa, ndi uvuni wa makala ukufuka, wopanda munthu pafupi. Ndaitana kawiri. Ndatsika osacheuka.

Lamulungu
Ndakolopa kunsi kwa bedi, osayang'anako kwambiri. A Mhango alemba pa foni: "Mawa naini koloko, mubwere ndi lipoti ndi mizu yomwe." Ndayankha kuti chabwino.
Lipotilo ndalemba za m'mutu, tsamba limodzi ndi theka.
Mayi Nachisale abwerako kutchalitchi ali onyadira, andibweretsera mbatata yowotcha ndi nsimbi yawo yamagetsi. Andigwira paphewa.
"Ntchitoyo mupeza tsopano, mwanangu. Chimene chimakutchingani tachotsa."
Ndathokoza. Ndikusita malaya.