Ndinatsala pang'ono kukhala mkamwini ku Likangala

Mkazi wanga Tiyamike akafuna kunditseka pakamwa amangoti, "Akamwini a ku Likangala, mwayambatu." Lekani ndikuuzeni komwe kunachokera dzinali, mwina mundimvera chisoni (ngakhale ndikukayika).

Ndili chaka chomaliza ku koleji ku Zomba ndinkaphunzira anthropoloje, maphunziro ofufuza mmene anthu amakhalira ndi miyambo yawo. Aphunzitsi athu ankakonda kunena kuti mwambo sungaudziwe uli pampando: pita ukakhale ndi eniake, udye zomwe akudya, ugwire ntchito yomwe akugwira. Ine ndinasankha kufufuza chikamwini, mwambo uja woti mwamuna akakwatira amakakhala kwawo kwa mkazi. Ndinakulira m'tauni ku Blantyre, ndiye chikamwini ndinkangochidziwira m'mabuku. Nthawi imeneyo n'kuti akwathu ndi akwawo kwa Tiyamike atagwirizana kale za chinkhoswe chathu. Sungani mfundo imeneyi. Sunganinso iyi: achemwali ake a Tiyamike ankapikula matemba pa doko la Kachulu, pa nyanja ya Chilwa, ndipo pakamwa pawo sipagona nkhani.

Abusa ena anandipezera malo m'mudzi wina woyandikana ndi sikimu ya mpunga ya Likangala, pakhomo pa mayi wamasiye wa Chilomwe, amake Esitere. Esitereyo, mtsikana wochangamuka wosachedwa kuseka, ndiye ankandiperekeza kwa achikulire n'kumandimasulira akayamba Chilomwe chenicheni.

Nditangofika ndinapempha khasu.

"Inuyo mukufuna muzilima munda wanga?" anafunsa amake Esitere.

"Ndi mtima wonse, mayi."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kundipatsa. Ndinalima, ndinawokera mpunga matope ali m'mawondo, msana ukulira. Ndinakonza mpanda wa bafa. Ndinafoleranso denga la khitchini, munthu asanandipemphe. Mumtima ndinkati aphunzitsi akanandiona akanandipatsa digiri pomwepo.

Kenako ndinaganiza zomuthokoza Esitere chifukwa cha ntchito yomasulira. Ndinamugulira chitenje chokongola pa Kachulu, n'kumupatsa mayi ake akuona. Analandira ndi manja awiri, akuluma mlomo kuti asaseke. (Ndinkayesa ndi manyazi. Kupusa sikupweteka, abale.)

Kuyambira tsiku limenelo amake Esitere anasintha. Tikakumana panjira ya kusikimu ankapatukira m'tchire n'kunjuta atayang'ana kumbali. Moni ankandipatsira kuseri kwa chitseko. Ndikatulukira iwo akudya, ankanyamula mbale n'kukalowa m'nyumba. Ine chimwemwe! Ndinawaimbira foni aphunzitsi kuwauza kuti ndatulukira chinthu chatsopano: kwa Alomwe ulemu wopereka kwa mlendo umakula akamakhalitsa. Inetu, munthu amene ndinalemba mayeso a momwe mpongozi amathawira mkamwini wake, n'kukhoza bwino lomwe. Atandiphera tambala Lamulungu tikuchokera kutchalitchi, ndinadya mpaka kuphwanya mafupa, osadzifunsa kuti tambala wafera chiyani.

Chinaphulika Lachitatu lake. Atsibweni ake a Esitere, a Namakhwa, ananditenga kukandionetsa malo ena kuseri kwa mitengo ya mango.

"Apa ndi pokwera," anatero akuponda pansi. "Chilwa ngakhale atadzaza bwanji, madzi safika."

"Zosangalatsa kwambiri, bambo. Ndiye malo ngati amenewa mumapatsa ndani?"

"Mkamwini. Njerwa muumbira apo. Nanga ankhoswe anu abwera liti?"

Ndinayamba kufotokoza, chibwibwi chili patsogolo, kuti ine ndinangobwera kudzaphunzira. A Namakhwa anaseka.

"Achimwene, a sukulu amabwera kuno ambiri. Amafunsa mafunso, amamwa thobwa, n'kumapita. Ndi uti anagwirapo khasu? Ndi uti anakwerapo padenga? Nanga chikole chija munampatsa mwanayu, chitenje chija? Mudzi wonse ukudziwa, mpaka pa Kachulu."

Pa Kachulu! M'maganizo ndinaona achemwali a Tiyamike akukwera minibasi ya ku Zomba, dengu la matemba pamwendo, nkhani ili m'kamwa. Ndinachita mantha enieni. Ndinawagwadira a Namakhwa kuti aitane banja tikambirane, iwo anati mawa masana.

Nthawi itakwana tinakhala pabwalo. Ine pampando, amake Esitere pakhonde atandifulatira, Esitere pamphasa atavala chitenje chomwe chija. Ndisanatsegule pakamwa panatulukira chimunthu china chachitali, mapewa ngati chitseko, chikununkha utsi wowambira nsomba. Ameneyu anali Daisoni, msodzi amene ankakhala miyezi pa zimbowera, tinyumba tija asodzi amamanga pamwamba pa madzi pakati pa nyanja. Ndinamva pambuyo pake kuti anakhala akumulonjeza Esitere ukwati kuyambira kalekale, koma ankhoswe osatumiza. Nkhani ya chitenje itamupeza konko, anasiya maukonde m'madzi.

"Ndi amenewa?" anafunsa akundiloza ndi chibwano.

Ndinayamba kupemphera chamumtima. A Namakhwa anati, "Tisakangane. Mwiniwake ali pano. Esitere, tiuze, ukufuna uti?"

Esitere anaphulika kuseka. "Atsibweni, inunso! Awawa? Mpunga anawokera uja tinkachita kukazula madzulo n'kuwokeranso. Khitchini ikudontha kuposa kale. Ine ndinangokhala chete kuti a Daisoni amve kuti kumtunda kuno kulinso amuna."

Sindinanyozedwepo mokoma chotero chibadwire. Ndinapuma ngati munthu wotula thumba la mpunga. Daisoni anandigwira chanza mpaka zala kulira, n'kulonjeza pamaso pa onse kuti ankhoswe ake afika Loweruka. Amake Esitere anatembenuka, kundiyang'ana m'maso koyamba patapita masabata, n'kunena kuti, "Ndiye ndakhala ndikulowera m'minga pachabe? Bweretsani khasu langa."

Nkhani inafikabe ku Zomba ine ndisanafike, monga mukudziwira. Mwayi wanga unali woti achemwali aja sasiyira nkhani panjira: anafotokoza zonse, mpaka za mpunga wozulidwa. Tiyamike anandilandira atapinda manja, nkhope ili gwaa, koma sanapirire. Anaseka mpaka kukhala pansi.

"Poti kumudzi anakukanani, ndingokutengani ine, nanga mupita kuti?"

Kafukufuku ndinalemba, ndipo aphunzitsi anati mutu wonena za kuthawana kwa mpongozi ndi mkamwini unali wamoyo ngati wolemba anaziona yekha. Koma phunziro lenileni sindikudziwa ngati ndinalitola, chifukwa titakwatirana, tsiku loyamba kufika kwa apongozi anga enieni, ndinapemphanso khasu. Anayankhira kuseri kwa chitseko: "Auzeni angokhala, tinamva za ku Likangala."