A Tadinaninso ndi Dzanja la Mayi a ku Famase

Mu ofesi mwathu munali mkulu wina yemwe sankakhulupirira batani lililonse la pa kompyuta mpaka ataliona likudinidwa ndi chala cha munthu wina. Tinkangowatcha a Tadinaninso, poti mawu amenewa sankachoka pakamwa pawo.

Ife timalemba mapulogalamu, ndipo gawo lawo linali lolemba zoti pulogalamu ichite munthu akadina, akakoka mausi kapena akatseka windo. Ukati wamaliza, iwo ankakoka mpando n'kuyamba mafunso. Nanga wina akadina kawiri? Nanga akasintha maganizo chala chili pomwepo? Nanga buku likatsamira kiyibodi? Tsiku lina anaitana mlonda kuti adzadine ndi chigongono. Pulogalamu yanga inauma gwa, iwo n'kuwomba m'manja ngati timu yawo yagoletsa.

Kenaka kunabwera dandaulo kuchokera ku famase ina yomwe inkagwiritsa ntchito pulogalamu yathu. Mayi ogulitsa kumeneko akalowetsa mankhwala mu kompyuta kamodzi, pulogalamu inkalemba kawiri, ndipo abwana awo anawapatsa sabata imodzi kuti asiye kusasamala, apo ayi ntchito ithe. Ife tinayesa, osapeza kanthu. Tinati vuto ndi mayiwo.

"Mwachiona chala chawocho?" anafunsa a Tadinaninso.

"Chala n'chala, bambo."

"Inu mwayesa ndi chanu. Chawo sichili muno."

Anapita kukakhala m'famasemo m'mawa wonse, maso pa dzanja la mayiwo, mpaka ogula anayamba kunong'onezana kuti mkuluyu akufunsira banja. Anapeza kuti dzanjalo limanjenjemera pang'ono, ndiye batani linkamva kawiri. Atabwerako analemba mizere itatu yokha mu pulogalamu: batani likadinidwa, ligonthe kaye mpaka ntchito yoyamba ithe. Kwa abwana a famase, iwo anangonena kuti vuto linali lathu.

Anatisiya chaka chatha, atadwala masabata awiri okha. Mu ofesi tsopano muli zii, mapulogalamu amatha msanga, koma ine amandichititsa mantha. Ndimawasowa mkulu uja.

Mwezi watha ndinakagula mankhwala a chimfine m'famase muja. Mayi aja akadali pa ntchito. Atadziwa komwe ndimagwira, anafunsa za bambo oyang'ana manja aja, ndipo ndinawauza kuti anatisiya.

"Anaona, eti? Dzanja langali."

"Anaona, mayi."

"Ndiye osanena kwa abwana, chikhalirenicho?"

Kenaka anatembenuka kukatenga mankhwala anga pa shelefu, koma anakhalitsa kumeneko.