Chithunzi cha Diso la Mbewa

Mpaka lero Tadala, mwana wanga, ndikamuyendera kuntchito amayamba wandilanda foni pakhomo. Sindidandaula. Ndinaziputa ndekha.

Mwanayu amafufuza za maso pa yunivesite ina kuno ku London. Amabaya mbewa mankhwala m'diso, ndipo pakapita masabata timaselo ta kumbuyo kwa disolo timayamba kuthwanima mobiriwira tikamagwira ntchito. Iye amatijambula sabata ndi sabata, mbewa ili moyo, kuti aone mmene kuwalako kukuchulukira. (Ine ndinakulira ku Dedza. Mbewa ndinkazidziwa zili zowamba, zothira mchere. Za diso lake sindinaganizepo.)

Nditamuvutitsa kokwanira, anandipemphera chilolezo kwa abwana ake kuti ndikaone ntchito yake. Linali tsiku lojambula komaliza mbewa imene anaitsatira kwa miyezi, ndipo zithunzizo ankayenera kukazionetsa kwa akuluakulu ake Lolemba. Anandiveka chimkanjo cha pepala, mpaka duku langa analiphimba.

"Mami, m'katimu muli mdima. Maso a mbewa azolowera mdimawo. No light, please. Mwamva?"

"Iwe, ndine nesi ine. Usandiphunzitse."

Tinalowa. Munkangoyaka kababu kofiira. Mbewa anali ataigoneka ndi mankhwala pa kamphasa kofunda, akuidonthezera timadzi m'diso. Ine pano sindinasamalidwepo chonchi.

Kenaka pa kompyuta panaoneka timadontho tobiriwira, aka kaphethira, ako kaphethira, ngati ziphaniphani kudambo. Abale inu, ndinagwira pakamwa. Diso lamoyo likuona, ife n'kumaliona likuona! Ndipo woyendetsa zonsezi ndi mwana yemwe ndinkachita kumukoka popita kusukulu ku Ilford. Misozi inalengeza. Ndinakumbukira amayi anzanga a kutchalitchi ku Tottenham, amene amakonda kundifunsa kuti, "Kodi udokotala wa mwana wanu uja ndi wa makoswe?" Ndinati lero aona.

Ndinasolola foni mwakachetechete. (Mumtima ndinkati kujambula si kuyatsa magetsi.) Ndinaloza pa kompyuta, n'kudina.

Ng'anii! Chipinda chonse chinawala. Timadontho tija tinayaka tonse pamodzi, kenaka pa kompyuta panangoti mbee.

"Aleluya!" ndinafuula. "Taona kukongolako!"

"Mami," anatero Tadala chapansipansi, "what have you done?"

Akayamba Chizungu chokhachokha ndimadziwa kuti zavuta. Maso a mbewa anafunika kuyambiranso kukhala mumdima, pomwe makina ojambulirawo anali atasungitsidwa kale ndi anzake mpaka sabata yotsatira. Lolemba mwana wanga akaima pamaso pa akuluakulu chimanjamanja.

Pobwerera tinakwera sitima. Ndinakhala ndafumbata chikwama, manyazi atandigwira mpaka kuphazi. Titayandikira kwathu ndinati, "Ukawauze kuti makina anavuta."

"Sindinganame. Ndikawauza kuti mayi anga anasangalala kwambiri."

Anatembenukira pawindo. Kenaka anandigunda pang'ono ndi phewa, n'kufunsa m'Chichewa chake chopindikacho:

"Koma munazikonda, eti?"

Pamenepo ndiye ndinalira zenizeni, azungu akundiyang'ana.

Lolemba anakanenadi zoona. Akuti akuluakuluwo anaseka, n'kumupatsa tsiku lina, koma anavutika nazo mwezi wathunthu kuti abwezeretse zimene ndinaononga. Mukuganiza kuti ndinaphunzirapo kanthu? Pang'ono. Atandilowetsanso lero, ndikhoza kujambulanso, kungoti ndingayambe ndafunsa pozimitsira kuwalako.

Chithunzi chija nditachitsegula kunyumba, munali chala changa ndi khutu la Tadala basi. Sindinachifufute.