Akabawi a Bwana, Anapiye a Amake Dalitso

Lolemba

Msika wa fodya ku Limbe watsekedwa, ndiye bwana andipatsa sabata yopuma. Yopuma! Pamodzi ndi tchuthicho andikoleka m'khosi magalasi oonera kutali, ati ndiziwerenga akabawi odutsa pamwamba pa Ndirande. Ati nyengo ino amachokera kutali kumpoto, ndipo anzawo okonda mbalame akufuna kudziwa kuti alipo angati. Eni akewo apita ku Zomba kukapuma zenizeni.

Komabe ndisaname, ndanyada. Pa akalaliki onse asankha ine.

Amake Dalitso akwera basi m'mawa kukaona mayi awo ku Mulanje. Andisiyira:
– thadzi limodzi lamakani
– anapiye asanu ndi awiri
– mawu akuti, "Ndidzawapeze onse, bambo. Thadzili anandisiyira ndi malemu azakhali."

Zosavuta. Ndikhala pa chulu kuseri kwa nyumba, diso lina kumwamba, lina pansi.

Akabawi: anayi. Anapiye: onse.

Lachiwiri

Anthu a pano sadziwa kulemekeza ntchito! Ndili pakati powerenga, a Nachisale oyandikana nafe atulukira ndi chitini: "Kabawiii! Kabawiii!" Amayi onse mpaka kumsika ailandira mfuuyo monga amachitira masiku onse, zitini zili ngwee ngwee, nkhuku zathawira m'mipanda, akabawi anga balala! Ndiyambirenso pati?

Ndapita kukawauza mwaulemu kuti phokosoli lithe, ndili pa ntchito ya bwana. Ayang'ana magalasi, ayang'ana ine.

"Ntchito ya bwana? Chabwino, bambo a Dalitso. Tamva."

Mwaona? Munthu ukalankhula ngati wophunzira, anthu amamva.

Lachitatu

Bata! Palibe chitini ngakhale chimodzi. Ndawerenga akabawi khumi ndi awiri, khosi lachita kuuma. Mbalamezi ndikuzisirira: zikudutsa malire popanda chitupa, msonkho sizilipira, za chitaganya sizikuzikhudza.

Ndatsika pa chulu. Anapiye asanu.

Ndawerenganso ndi chala. Asanu! Thadzi likundiyang'ana ngati ndine ndadya. A Nachisale ali pakhonde pawo, akusenda chinangwa.

"Kodi simunaone?"

"Tinaona, kawiri konse. Koma paja munati tisasokoneze."

Nkhuku zawo azitsekera m'khola kuyambira dzulo, osandiuza. Nkhanza zotani izi!

Lachinayi

Kumsika palibe wondiyankha moni. Wogulitsa tomato wandiponyera tomatoyo pansi m'malo mondipatsa m'manja. A Likaka, atelala aja osokera pakhonde la sitolo ya Mmwenye, andikokera pambali.

"Achimwene, akuti mwasanduka kapirikoni. Akuti magalasiwo mukuwerengera anthu opita kumisonkhano, kenako mukanene kwa azungu."

Ine? Ine amene mlamu wanga ali m'ndende ya waya ku Kanjedza, ndipo ndine ndimadyetsa ana ake? Misonkhano yake imachitikira m'mitambo? Ndawafotokozera za mbalame zochokera kumpoto. Apukusa mutu: "Zimenezo musakauzenso munthu. Bola ukapirikoni, ena adzati misala."

Ndabwerera kunyumba. Anapiye anayi.

Lachisanu

Nzeru za a Likaka: kupaka anapiye buluu wochapira zovala, ati kabawi sazindikira kuti ndi nyama. Ndawaviika m'mbale mmodzimmodzi. Zotsatira zake:
– kabawi wawazindikira
– amene sanawazindikire ndi mayi wawo
– manja anga ali bii mpaka m'zigongono

Thadzi likuwajompha, likuwathamangitsa ngati ana a mbala. Tianapiye tabuluu tili mbwee pa dothi lofiira, ngakhale munthu ali pa phiri la Soche angatione. Ndathamanga uku, kabawi watsikira uko. Ndatembenuka, wabweranso.

Madzulo mayi wina waona manja anga pa mpopi, wanong'oneza mnzake kuti, "Taonani, wachokera kodinda chala kupolisi."

Akabawi: sindinawerenge. Anapiye: awiri. Amake Dalitso abwera mkuja, ndipo ndili ndi mantha.

Loweruka

Magalasi ndawaika pansi pa bedi. Anapiye ndawavundikira ndi dengu, pamwamba ndaikapo njerwa. Dzuwa laswa mtengo, ayamba kulira mwachisoni, ndawatsegulira kuti amwe madzi. Chithunzi cha kabawi chadutsa pabwalo. Ndatola chitini cha palafini, ndamenya, ndakuwa ndi mawu anga onse a kalaliki: "Kabawiii!"

Zii. Ndirande yense zii. Mwamuna wamkulu ndekhandekha, manja abuluu, ndikumenya chitini, anthu akungosuzumira pa mawindo.

Kabawi wanyamula mmodzi ndikuona. Ndipo pokwera m'mwamba ndamuonetsetsa bwino: phiko lamanzere lili ndi mpata, nthenga ina inathothoka. Mpata umenewu ndikuudziwa! Ndinauona m'magalasi Lolemba, ndinauona Lachitatu kangapo. Wauluka pang'onopang'ono, wakatera pa bulugama wa ku Nyambadwe, kuseri kwa nyumba za azungu, kumene amakhala bwana.

Kumpoto kwake kumeneko? Sabata yonse ndakhala ndikuwerenga mbala imodzi, ikupita, ikubwera, ndipo ndimaidyetsa ndine!

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Mwanapiye wotsala ali m'thumba la jekete, akundijompha nthiti. Ajomphe.

Amake Dalitso afika masana ndi mkoko wa nthochi pamutu. Ayang'ana thadzi lili lokha. Ayang'ana manja anga. Ndatulutsa kabuluu kaja, ndakaika m'manja mwawo. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Akabawi aja mwapeza angati, bambo?"

"Mmodzi."

"Wanenepa?"

Adula phava la nthochi, apita nalo kwa a Nachisale. Ndikumva kuseka, kuseka kwautali, ena akuitanidwa kuti adzamve. Ukapirikoni watha, tsopano ndangokhala chitsiru, ndipo a Likaka akuti ndithokoze.

Chakumadzulo chithunzi chadutsanso pabwalo. Zitini zalira mpaka kumsika, mfuu yamveka phiri lonse. Akukuwira mwanapiye wa amake Dalitso, osati wanga.

Mawa ndibweza magalasi. Bwana ndikawauza kuti mbalame yawo ili kuseri kwa nyumba yawo, akaiwerenge okha.

Akabawi: mmodzi, wokhuta. Anapiye: mmodzi, wabuluu. Chitini cha palafini amake Dalitso achipachika pa msomali wa mbali yanga ya bedi.