Mayi Verna ndi Makina Olipira Naini

M'tauni ya Laughlin muno mukangotchula Mayi Verna Kosek, aliyense amatambasula chala n'kugogoda m'malere. Mayi aja sankakhala pa makina a juga ya makadi yotchedwa poka asanawerenge galasi lake. Anzawo amangofika n'kumwaza ndalama ngati akudyetsa nkhuku, koma iwo ayi. Ankavala mandala awiri, ena pamwamba pa anzake, n'kuyendetsa chala pa manambala a malipiro. Akapeza kuti makadi atatu ofanana ndi awiri ofanana akulipira ndalama naini pa imodzi, ankakhala. Akapeza eyiti, ankagogoda galasilo ndi mphete, kho kho kho, n'kukuwa mpaka ophika kukhitchini amve: "Mbava inu!"

Mu kasino ya Bulu Wagolide munali mutatsala makina amodzi okha a naini, ndipo woyang'anira makina, a Gus Delano, ankawada makinawo ngati dzino lobowoka. Akakhalapo mlendo panalibe vuto, poti mlendo amataya khadi labwino n'kusunga lachabechabe. Koma Mayi Verna sankaphonya. Masewerawa ankawadziwa kuposa mayina a zidzukulu zawo, ndipo zidzukuluzo sizinkatsutsa.

Kuwathamangitsa kukanachititsa manyazi, poti sanabe kanthu. Ndiye a Gus anayamba ndi kuwadulira tikiti yaulere yodyera nkhanu Lachisanu.

"Ndi kompyuta yakuchotsani, Mayi, si ine."

"Iwe Gus, kompyuta imeneyo ili ndi ndevu ngati zakozo?"

Lachisanu lotsatira anabwera ndi masangweji a mazira m'chikwama. Atangotsegula, fungo linabalalitsa mzere wonse wa osewera. Tikiti ija inabwerera, koma mazirawo sanasiye kubwera.

Kenako a Gus anasamutsira makinawo pakhomo la chimbudzi. Mayi Verna anawapeza khofi wawo asanazizire, n'kuyamba kubweza aliyense wotuluka kuti akasambe m'manja. A Gus anakankhiranso makinawo pansi penipeni pa chozizitsa mpweya. Kunja dzuwa likusungunula phula, Mayi Verna anatulukira atafunda bulangete, kumutu chipewa chaubweya.

"Wandithandiza mwanawe," anatero. "Mazira anga sakuwonongekanso."

Mwina mukuti bwanji osangosintha nambalayo, poti makaniko amangotsegula kumimba kwa makina n'kudina basi. A Gus anayesapo kamodzi. Tsikulo Mayi Verna sanasewere. Anakokera mpando pakhomo, n'kudikira basi ya azigogo ochokera ku Arizona, n'kuwaphunzitsa mmodzimmodzi kuwerenga galasi. Pofika masana holo yonse inali kho kho kho, azigogo akukuwa "Mbava inu!" ngati kwaya. Ena ankagogoda ndi makina ogulitsa zakumwa omwe. A Gus, thukuta kamukamu, anagwada pafupi ndi mpando uja.

"Mayi, ndapota nanu, tsekani sukuluyi."

"Bweza naini wanga."

"Ndibweza. Koma musauze munthu pamene ali."

"Ine ndiuze munthu? Kuti azindilanda mpando?"

Kuyambira pamenepo mabwana a kulikulu akaimba foni kufunsa chifukwa chomwe makina a naini akadalipo, a Gus ankangoyankha kuti, "Bwana, kwerani ndege mudzawauze nokha." Palibe anabwera. M'mawa uliwonse awiriwa ankakumana pa makina paja, wina atavala taye, wina bulangete.

"Mukadali moyo, Mayi?"

"Ndikudikira upume pantchito kaye, ndione akuba atsopano."

Mayi Verna sanadikire. Anatisiya nyengo yozizira, mwakachetechete, zomwe sizinali khalidwe lawo. A Gus anabwera kumaliroko ndi nkhata yamaluwa yaikulu kuposa zonse, anthu n'kumanong'onezana kuti abwera kudzatsimikiza. Koma amene anaima nawo pafupi anaona kuti mpango wawo wanyowa.

Maluwa asanafote, foni ya kulikulu inalira, ndipo ulendo uno a Gus analibe pobisala. Makaniko anatsegula, anadina, naini anasanduka eyiti. A Gus anakakhala mu ofesi chitseko chili pululu, atakonza taye, yankho la wodandaula lili kale pakamwa. Anthu anakhala pa makina aja, anasewera, analuza, ananyamuka akumwetulira. Palibe anayang'ana galasi. Basi ya ku Arizona inabwera n'kubwerera. Mabelu ankalira monga mwa masiku onse, magetsi akuthwanima, koma holo ija inamveka ngati nyumba yosamukamo anthu. Nkhondo yomwe a Gus anamenya zaka zonsezi anali atapambana, ndipo zinawawawa koopsa.

Tsiku lina masana anatuluka mu ofesi, n'kukaima pa makina paja pansi pa chozizitsa mpweya. Anawerama, nayendetsa chala pa manambala mpaka pa eyiti. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anagogoda galasi ndi mphete yawo yaukwati, kho kho kho.

"Mbava ife, Mayi," anatero chapansipansi.